Osunga katundu akukana pulogalamu yanga, abwerera ku kope: ndiwaphunzitsenso kapena vuto lili pena?

Mphukira:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimalemba mapulogalamu pakampani ina yogawa katundu, ndipo chaka chino ndinapanga pulogalamu ya pa tabuleti yoti osunga katundu azilemberamo zolowa ndi zotuluka m'malo mwa kope lalikulu limene akhala akugwiritsa ntchito. Kumbali ya makodi zonse zili bwino. Masamu ake salakwa, ndipo zolembedwa sizisowa ngakhale netiweki itaduka.

Koma eni ntchitowo sakuifuna. Lole ikafika amalemba kaye m'kope, ndiye madzulo mmodzi amakhala pansi n'kumakopera zonse m'tabuleti. Pokoperapo zolakwika zimachuluka. Katundu wolowa amalembedwa ngati wotuluka. Mzere umodzi umaoneka kawiri chifukwa munthu wadina kawiri batani losungira. Ena amalemba chiwerengero cha makatoni pamalo pofunika chiwerengero cha zinthu za m'kati mwa katoni. Abwana akuti ndikonze maphunziro ena ndi kabuku ka malangizo, koma maphunziro tinachita kale ndipo aliyense anavomera kuti wamva.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndiwerenge za human-computer interaction ndi user-centered design. Ndayamba kusakasaka koma ndikungopeza nkhani za mitundu ndi zithunzi zokongola. Phata lake n'chiyani kwenikweni? Nanga munthu amene ali yekha, wopanda gulu la akatswiri kapena ndalama za kafukufuku, angayambire pati?

Chiphaniphani:

Achimwene, maphunzirowo ayambe adikira. Ndagwira ntchito yokonza maonekedwe ndi kayendedwe ka mapulogalamu kwa zaka zambiri, ndipo zolakwika zitatu mwatchulazo ndikuzidziwa bwino. Anthu osiyana akamalakwitsa mofanana pamalo amodzimodzi, ndiye kuti pamalopo pali chimene chikuwakokera kolakwikako.

Ntchito yathuyi inayambira pa vuto ngati lanuli. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, oyendetsa ndege za B-17 ankati akangotera, n'kupinda matayala ndege ili kale pansi, ndegeyo n'kukhulika mimba pabwalo. Malipoti ankati woyendetsa walakwitsa. Alphonse Chapanis, katswiri wa kaganizidwe ka anthu amene ankagwira ntchito ndi asilikali a ku America, atayang'ana pamene woyendetsa amakhala anapeza kuti siwichi ya matayala ndi siwichi ya zipepeso za pamapiko zinali zofanana ndendende komanso zoyandikana. Munthu wotopa ndi ulendo wautali, maso ali pabwalo, dzanja linkagwira iliyonse. Chapanis anaika kagudumu ka labala pa siwichi ya matayala ndi kanthu kooneka ngati phiko pa inayo, kuti dzanja lizizindikira lokha popanda maso. Ngozi za mtunduwo zinachepa kwambiri, oyendetsa ake omwewo.

Ndiye human-computer interaction ndi phunziro la momwe munthu ndi makina amamvanirana: zimene maso angathe kuona, zimene mutu ungasunge pa nthawi imodzi, zimene dzanja limachita mwachizolowezi, ndi momwe makinawo amayankhira. Linakula kwambiri m'zaka za m'ma 1980, makompyuta atachoka m'manja mwa akatswiri okha n'kufika pa desiki ya aliyense. User-centered design ndi kagwiridwe ka ntchito kochokera m'phunziroli, ndipo dzinalo anafalitsa ndi Don Norman ndi Stephen Draper mu 1986. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1985, John Gould ndi Clayton Lewis analemba mfundo zitatu zimene mpaka lero ndimaziona kuti ndi zokwanira: dziwa anthu ake ndi ntchito yawo kuyambira pachiyambi, yesa chinthucho ndi anthu enieniwo n'kuyeza zotsatira, kenako konza n'kuyesanso mobwerezabwereza. Ngakhale muyezo wapadziko lonse wotchedwa ISO 9241-11 ukamafotokoza chinthu chosavuta kugwiritsa ntchito, umafunsa ngati munthu wakwanitsa zimene amafuna, nthawi ndi khama zimene zamutengera, komanso ngati wakhutira. Mitundu ndi kachigawo kakang'ono chabe.

Tsopano tiyeni ku zolakwika zanuzo, chifukwa chilichonse chili ndi gwero lake.

Za zolowa ndi zotuluka, ndikuganiza kuti muli ndi sikirini imodzi yokhala ndi kabatani kosankhira pamwamba. Ngati zili choncho, ndi siwichi za B-17 zomwe zija. Munthu amachita chinthu cholondola koma makina ali mu mkhalidwe wina umene iye sakuuona, monga zimachitikira polemba pasiwedi Caps Lock ili yoyaka. Larry Tesler, amene anatipatsa njira yodula, kukopera ndi kumata mawu pa kompyuta, ankadana ndi mikhalidwe yobisikayi mpaka analembetsa kuti NO MODES, kutanthauza kuti pasakhale mikhalidwe yotereyi, pa nambala ya galimoto yake. Gawani ntchito ziwirizo zikhale masikirini awiri osafanana, iliyonse ndi khomo lake, mutu wake wa zilembo zazikulu, ndi kayalidwe kake. Musadalire mtundu wokha, chifukwa pali anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Ndipo batani lomaliza lisamangoti "Sungani". Lizinena chimene chichitike: "Landirani makatoni 12" kapena "Tulutsani makatoni 12". Munthu amawerenga batani limene akufuna kudina ngakhale sanawerenge china chilichonse pa sikirinipo.

Za kudina kawiri, pulogalamu yanu ikukhala chete munthu akadina. Pali miyezo yakale imene Robert Miller anayamba kulemba mu 1968 ndipo Jakob Nielsen anaifalitsa: yankho likabwera mkati mwa sekondi 0.1 munthu amamva ngati zachitika pompo, pofika sekondi imodzi amaona kuchedwako koma maganizo ake sanaduke, zikadutsa masekondi 10 wayamba kale kuganiza zina. Batani likadinidwa lisinthe nthawi yomweyo, lisalolenso kudinidwa, ndipo mzere watsopanowo uonekere pamndandanda pomwepo. Komanso yankholo likhale loona. Mu 1979 pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, nyali ina inkaoneka ngati ikuti valavu, chotsekera cha pa paipi, yatsekeka, pamene kwenikweni inkangosonyeza kuti lamulo lotseka latumizidwa. Valavuyo inali itakakamira yotsegula, ndipo ogwira ntchito anakhulupirira nyaliyo kwa maola oposa awiri madzi oziziritsira akutayika. Inu mwanena kuti pulogalamu yanu imagwira popanda netiweki. Ndiye izisiyanitsa poyera pakati pa "zasungidwa m'tabuleti muno" ndi "zafika ku ofesi".

Za makatoni ndiye zosavuta kwambiri. Detabesi yanu imaganiza m'zinthu chimodzichimodzi, koma wosunga katundu amaona makatoni, amanyamula makatoni, ndipo pepala lobwera ndi lole nthawi zambiri limanena makatoni. Mukumupempha kuti azichulukitsa m'mutu ali chilili. Muloleni alembe makatoni, kompyuta ichulukitse yokha, n'kumuonetsa zonse ziwiri.

Koma musanakhudze khodi iliyonse, pitani mukakhale nawo lole ikamafika. Musakafotokoze kanthu, mukangoona. Kope lija mukaliwerenge tsamba ndi tsamba, makamaka zolembedwa m'mphepete ndi zokhwatchidwa. M'menemo muli ntchito yeniyeni imene pulogalamu yanu iyenera kugwira.

Wamakiyi:

Ine sindidziwa kulemba mapulogalamu, koma ndine mmodzi wa anthu amene mukuwakambawo. Ndimasunga katundu, ndipo ifenso anatibweretsera tabuleti. Ndiloleni ndikuuzeni momwe zimakhalira mbali yathu, bambo.

Lole ikafika, dalaivala amakhala akuthamangira kwina. Otsitsa katundu sadikira. Ine ndimakhala ndaima, dzanja limodzi lili ndi pepala la katundu, linalo likuloza powunjika, nthawi zina ndavala magolovesi. Pakhomo la nyumba yosungira katundu pamakhala kuwala kwambiri moti sikirini sioneka bwino. Ndikangoisiya pang'ono kuti ndiwerenge makatoni, tabuleti yadzitseka, ikufunanso pasiwedi. Kope silichita zimenezo. Ndikalisiya lotsegula ndimalipeza lotsegula.

Chachiwiri, katundu safika mwaudongo ngati pa maphunziro. Pepala likuti makatoni 40, afika 38, awiri mwa iwo ndi onyowa, ndipo limodzi lili ndi zinthu za mtundu wina. M'kope ndimalemba zonsezi m'mphepete, dalaivala n'kusainira. Mu pulogalamu yathu muli kabokosi kamodzi ka chiwerengero basi. Ndilembe chani pamenepo, 40, 38 kapena 36?

Chachitatu ndi mantha, ndipo ichi anthu sakuuzani pamaso pa abwana. Ndikalakwitsa m'kope ndimakhwatcha n'kulemba cholondola. Ndikalakwitsa m'tabuleti, cholakwikacho chapita kale ku ofesi ndi dzina langa, sindingachibweze, ndipo pa tsiku lowerengera katundu ine ndi amene ndidzafunsidwe za zosowa. N'chifukwa chake timayamba ndi kope n'kudzakopera mitima itakhala pansi. Sikuti sitinamve maphunziro. Pa maphunziro timakhala pampando, palibe lole, palibe wotifulumizitsa, ndipo wophunzitsa ali pambali. Pamenepo aliyense amakhoza.

Mukanatifunsa ife chinthu chimodzi chokha, tikanapempha njira yokonzera cholakwika tokha.

Njuchi:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma ndichenjezeko pa mfundo ziwiri, chifukwa anthu akangomva za user-centered design amathamangira kukafunsa ogwiritsa ntchito kuti mukufuna chani, n'kupanga chilichonse chimene auzidwa. Zotsatira zake ndi sikirini yodzaza mabatani, lililonse lopemphedwa ndi munthu mmodzi. Zimene anthu amanena kuti amachita ndi zimene amachitadi zimasiyana, osati chifukwa cha bodza koma chifukwa chizolowezi sichioneka kwa mwini wake. Iwo ndi akatswiri a ntchito yawo ndi mavuto ake. Kupeza yankho ndi ntchito yanu.

Tengani pempho la a Wamakiyi. Vuto lawo ndi lenileni, koma mukangowapatsa batani lofufutira, oona za maakaunti akana, ndipo akhala ndi chifukwa chomveka: mbiri ya katundu siyenera kufufutika. Nawonso ndi ogwiritsa ntchito pulogalamu yomweyo, kungoti amakhala kumapeto kwina. Njira yokhutiritsa onse ndi kulola munthu kukonza mzere wake, wakalewo n'kutsala wooneka ndi mzera pakati, pamodzi ndi nthawi ndi chifukwa chake. Kukhwatcha kwa m'kope kumagwira ntchito chimodzimodzi: cholakwika chimaonekabe, cholondola chili pambali.

Ndipo chonde musathetse nkhaniyi ndi kabokosi kofunsa kuti "Kodi mukutsimikiza?" Tsiku loyamba munthu amawerenga. Pakatha sabata chala chimadina chokha. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina othandizira odwala khansa otchedwa Therac-25 anawotcha odwala ndi mphamvu yopitirira muyezo pa ngozi 6 zodziwika, ena mpaka kumwalira. Gwero lake linali zolakwika za m'makodi, koma china chimene chinakulitsa vutolo n'chakuti makinawo ankaima kawirikawiri ndi mauthenga osamveka monga "Malfunction 54", ndipo oyendetsa anazolowera kungodina P kuti apitirize. Chenjezo lobwera pafupipafupi limasiya kumveka. N'chifukwa chake Gmail safunsa ngati mukutsimikiza kutumiza kalata, amangokupatsani masekondi angapo, mpaka 30, oti muibweze.

Mfundo yachiwiri: maphunziro musawataye onse. Anthu anuwo adzagwiritsa ntchito pulogalamuyi tsiku lonse kwa zaka. Chinthu chosavuta pa tsiku loyamba chikhoza kukhala chotopetsa pa mwezi wachisanu ngati chikumuyendetsa munthu pang'onopang'ono masikirini asanu pa katundu aliyense. Douglas Engelbart, amene anaonetsa mausi kwa anthu ku San Francisco mu December 1968, ankakhulupirira kuti chida chabwino chikhoza kufuna kuphunzira malinga ngati chikumupatsa munthu mphamvu zambiri pambuyo pake. Ndiye ikani njira ziwiri: yoongoka ya watsopano, ndi zidule za wozolowera, monga katundu wolembedwa kawirikawiri kuonekera pamwamba. Maphunziro akhale a zidulezo ndi malamulo a ntchito. Asakhale ophunzitsa anthu kuzemba misampha imene ikanatha kuchotsedwa.

Mphukira:

Zikomo nonse. A Chiphaniphani, mwalasa: ndi sikirini imodzi, kosankhira zolowa kapena zotuluka kali pakona yakumanja, ndipo kamakumbukira chimene munthu anasankha komaliza. A Wamakiyi, nkhani ya katundu wofika wosakwana kapena woonongeka ilibe malo m'pulogalamuyi, ndipo ndikuona tsopano chifukwa chake kope likufunikabe.

Funso langa latsala pa kuyesa. Ndikakonza, ndidziwa bwanji kuti zakhala bwino ndisanawapatse onse? Ndiyese ndi anthu angati? Abwana amafuna manambala. Komanso anthuwa amandiona ngati wa ku ofesi, ndiye ndikuopa kuti angondiuza kuti zili bwino pofuna kundisangalatsa.

Chiphaniphani:

Yambani ndi pepala, achimwene, musanalembe khodi. Jambulani masikirini atsopanowo ndi cholembera, pepala lililonse sikirini imodzi, kukula kwake ngati tabuletiyo. Munthu akadina ndi chala pa batani lojambulidwa, inu mumuikire pepala lotsatira. Zimaoneka zachibwana koma zimathandiza pawiri: mumatha kusintha mu mphindi zochepa, ndipo anthu sachita manyazi kutsutsa chinthu cha pepala, pamene chinthu chooneka chomalizidwa amaopa kukhumudwitsa mwini wake. Jeff Hawkins, asanapange kakompyuta ka m'manja kotchedwa PalmPilot, anasema kamtengo kukula kwake ngati chipangizocho n'kumayenda nako m'thumba la malaya, akumayerekeza kulembapo nthawi za misonkhano, kuti aone zimene angamagwiritsedi ntchito.

Anthu asanu akwanira pa ulendo umodzi. Jakob Nielsen ndi Thomas Landauer anasonyeza mu 1993 kuti munthu aliyense wowonjezera amaulula mavuto atsopano ochepa kuposa amene anayesa iye asanabwere, ndipo Nielsen anawerengera kuti anthu asanu amaulula pafupifupi 85 pa 100 alionse a mavutowo. Koma mumvetse malire ake. Chiwerengerocho n'chopezera mavuto, sichotsimikizira kuti chinthu chili bwino, ndipo chimagwira pa anthu a gulu limodzi. Ngati muli ndi osunga katundu, oyang'anira awo, ndi a ku maakaunti, gulu lililonse lifuna anthu ake. Musasankhe okhawo ochenjera pa foni. Tengani amene angoyamba kumene ntchito, ndiponso amene amadana nayo kwambiri tabuletiyo.

Za mantha awo, izi ndi zimene ndimachita. Abwana asakhalepo. Munthu mmodzi pa nthawi, pamalo pamene amagwirira ntchito, ataima ngati amagwira ataima. Ndimayamba ndi kumuuza kuti chikuyesedwa ndi pulogalamu, iye sakulemba mayeso, ndipo paliponse pamene avutike andithandiza kupeza chokonza. Kenako ndimamupatsa ntchito m'mawu a ntchito yake, osatchula dzina la batani lililonse. Osanena kuti dinani pa Landirani. Mupatseni pepala lenileni la katundu n'kunena kuti, lole yafika ndi izi, makatoni awiri ndi onyowa, chitani zimene mumachita. Ndimamupempha kuti azilankhula zimene akuganiza pamene akuchita: akufunafuna chani, akuyembekeza kuti chichitika n'chani akadina.

Chovuta kwambiri kwa ife opanga ndi kukhala chete. Mudzamuona akuzungulira batani limene lili pamaso pake penipeni, mtima wanu udzafuna kumulozera. Musatero. Akakufunsani kuti ndidine apa, mubwezereni funsolo: mukuganiza kuti pachitika chani mukadina? Mukamuthandiza mwataya chinthu chimene munabwerera, chifukwa tsiku la lole inu simudzakhalapo. Ndiponso musafunse kuti mwaikonda. Yankho lake nthawi zonse ndi inde. Khulupirirani zimene chala chake chachita.

Manambala a abwana musavutike nawo. Sankhani ntchito zinayi kapena zisanu zimene zimachitika tsiku lililonse, ndipo pa iliyonse lembani zinthu zitatu: wamaliza popanda thandizo kapena ayi, zamutengera nthawi yaitali bwanji, walakwitsa kangati. Yezani kaye pulogalamu imene ilipoyi kuti mukhale ndi poyerekezera, ndipo yezaninso kope, chifukwa mpikisano wanu weniweni uli pamenepo. Ngati kulemba katundu mmodzi m'tabuleti kukutenga nthawi yoposa ya m'kope, adzabwerera ku kope ngakhale mutakonza zina zonse. Mulinso ndi nambala ina yaulere m'detabesi mwanu: mizere ingati imalembedwa masana katundu akufika, ingati imalembedwa yonse pamodzi madzulo. Imeneyo ikuuzani zoona kuposa mafunso alionse.

Mukafika pa tabuleti yeniyeni, samalani kukula kwa mabatani. Paul Fitts anasonyeza mu 1954 kuti nthawi yofikira chinthu ndi dzanja imadalira kutalika kwa mtunda ndi kukula kwa chinthucho: chaching'ono ndi chakutali chimachedwetsa, ndipo munthu akafulumira amachiphonya. Malangizo a Android amati batani lisachepere 48dp (muyezo wa kukula kwa zinthu pa sikirini) mbali zonse, a Apple amati mapointi 44, koma kwa munthu woima, wa dzanja limodzi, wovala magolovesi, pitirirani pamenepo. Mabatani awiri otsutsana, monga losunga ndi loleka, asagundane. Kayeseninso pakhomo paja a Wamakiyi anena, pomwe pali kuwala, muone ngati zilembo zikuwerengeka.

Mukatha anthu asanu oyambawo mudzakhala ndi mndandanda wautali. Musakonze zonse. Yambani ndi zimene zikulepheretsa munthu kumaliza ntchito kapena zikuononga chiwerengero cha katundu, zodandaula za maonekedwe zibwere pambuyo. Mukakonza, yesaninso ndi anthu ena asanu amene sanaone mapepala oyamba aja, chifukwa oyambawo aphunzira kale pozemba.